Snuiver Atsike

Harmen Slikker anabadwira kwathu kuno ku Den Helder, m'dziko la Adatchi, m'kanyumba ka kuseri kwa msika wa nsomba, ndipo chinthu chokha chimene Mulungu anamupatsa mosaumira chinali mkonono. Nzeru anamupatsa zapakatikati, nkhope yongokwanira kuti agalu asamuuwe, koma mkonono anachita kumuthirira mpaka kusefukira. Kusukulu ankamukhazika kutsogolo, osati chifukwa chokhoza ayi, koma kuti akayamba kuwodzera aphunzitsi amuone msanga mazenera asanayambe kunjenjemera. Kutchalitchi abusa anadula ulaliki kangapo chifukwa cha iye, ndipo mpingo unamukonda mwanayo.

Atakula analowa usilikali wa pamadzi, monga amachitira mwana aliyense wa kuno amene bambo ake alibe sitolo. Anaphunzira za injini, ndipo nkhondo itatsala pang'ono kuyamba anamutumiza ku Schiedam, kumene ankamanga sitima yatsopano yoyenda pansi pa madzi, kuti akaidziwe ikadali nthiti zokhazokha. Sitimayo inalibe dzina, inali ndi nambala chabe, koma anyamata anaitcha Azakhali.

Amene anajambula Azakhali anali anthu okonda makina kuposa anthu. Anayamba kupezera malo injini, kenako mabatire, mabomba, matanki a mafuta. Timipata timene tinatsala ndi timene anati apa pazigona anthu. Mabedi anali ochepa, choncho bedi limodzi ankagonapo awiri mosinthana: wina akadzuka kupita ku ntchito, mnzake ankalowa bulangete likadali lotentha, fungo la mapazi lili lomwelo. Chimbudzi chinali ndi zitsulo zotembenuza zambirimbiri, ndipo amene wasokoneza ndondomeko yake chinkamubwezera kumaso zonse zimene wapereka.

Koma chonyadira cha akatswiriwo chinali paipi. Sitima yotere ikamira, injini zake sizingalire chifukwa injini imapuma ngati ng'ombe. Imayendera mabatire, ndipo mabatire akatha imayenera kuyandama, pomwe adani akuidikirira. Ndiye anaganiza zoika paipi yaitali yosuzumira pamwamba pa madzi kuti izikoka mpweya sitima ili pansi. Anaitcha snuiver, kutanthauza chinthu chokoka mpweya ndi mphuno mwaphokoso. Nzeruyo inali yabwino papepala. Panyanja, funde likaphimba kukamwa kwa paipiyo kachitseko kake kankatsekeka, ndipo injini, posafuna kufa, zinkayamwa mpweya wa anthu m'sitimamo. Makutu ankakhala ngati akuzuka, maso kufuna kutuluka. Anyamata anayamba kuinena paipiyo ngati munthu: snuiver watsamwa, snuiver wakwiya lero, snuiver afuna kutipha.

Pa ulendo woyamba woyesa sitima, Harmen anamaliza ntchito yake nakagona. Sipanapite nthawi, mkulu wa sitima, amene onse ankamutchula kuti Mdala ngakhale anali asanamere imvi ngakhale imodzi, anatulukira nkhope ili gwaa.

"Ndi injini iti ikugogodayi?"

Anayankha ndi Okke Terpstra, kamunthu kafupi kapakamwa pakuthwa, amene ankasinthana bedi ndi Harmen.

"Si injini, bwana, ndi Slikker. Sitima ino ili ndi ma snuiver awiri. Wachitsulo uja amadikira funde kuti atilande mpweya, koma uyu sadikira chilichonse."

Dzina linamatirira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo palibe anamutchulanso Harmen, ngakhale abusa a asilikali.

Ajeremani analowa m'dziko muno mu Meyi 1940, Azakhali asanathe bwinobwino. Anyamata anathawa nayo sitimayo utoto usanaume, mulibe bomba ngakhale limodzi, atanyamula matumba a mbatatesi ndi njinga ya wophika, amene anati kuli bwino amire nayo kusiyana ndi kuti akwerepo Mjeremani. Anawoloka, nakakhazikika ku Dundee, ku Scotland. Kumeneko anthu amathira mchere m'phala, mowa amamwa wofunda, ndipo amalankhula ngati munthu wotafuna mbatata yotentha. Harmen sanaphunzire mawu awo oposa moni ndi mowa.

Pano tinene zoona, pakuti munthuyu tamuseka mokwanira. Amayi ake anali atatsala kutsidya, m'manja mwa adani, osadziwika ngati ali moyo. Msika wa nsomba, tchalitchi, msewu wa kwawo, zonse zinali za eni ena tsopano. Dziko lonse limene Harmen anatsala nalo linali chitsulo chonunkha dizilo chija, ndi amuna a m'menemo amene ankamutukwana m'chinenero cha amayi ake. Ankaikonda sitimayo. Akanalola kudulidwa mwendo kusiyana ndi kutsitsidwamo.

Madzi anachita katondo pa ulendo wina kufupi ndi gombe la Norway. Sitima ya adani inawapeza, ya mtundu uja umene umatchera khutu pansi pa nyanja. Mdala analamula kuti injini zonse zizime, nsapato zivulidwe, aliyense wopanda chochita agone pansi kuti mpweya usathe. Pamwamba mabomba ankaphulika, magetsi kuthima n'kuyakanso, utoto kugwa ngati mvula. Amuna ena ankapemphera, ena ankaluma malaya. Mpweya woipa umabweretsa tulo, ndipo Harmen anali munthu womvera thupi lake. Pakati pa chete uja, pamene munthu ankaopa ngakhale kumeza malovu, panamveka kubangula.

Okke anamudumphira, kumutseka kukamwa ndi sokosi, n'kumukhalira pankhope mpaka adaniwo atatopa. Anapulumuka. Anyamata anaseka ulendo wonse wobwerera, koma Mdala anangomuyang'ana Harmen nthawi yaitali. Bola akanamutukwana.

Atafika ku Dundee, akuluakulu a Angerezi anakwera m'sitimamo, kuyang'ana uku ndi uko, kupukusa mitu, n'kumapita. Masana a tsiku lotsatira Harmen anali chogona pansi pa zitsulo zopondapo, akumanga paipi ya mafuta yomwe inkadontha, pamene Mdala ndi wachiwiri wake anaima pamwamba pake penipeni.

"Angerezi anenetsa," anatero Mdala. "Snuiver atsike tisananyamukenso."

"Koma bwana, ameneyu ndi wathu. Tachokera naye kwathu."

"Ndikudziwa. Koma akuti tsiku lina adzatiphetsa tonse. Phokoso lake limamveka patali, ndiye amatha mpweya wa anthu. Kunena chilungamo, nanenso makutu anga atopa naye."

"Ndiye timutani?"

"Timusiya padoko. Kaya amutaya, kaya amusunga, zawo zimenezo."

Harmen anakhala chigonere, sipanala ili m'manja, mafuta akumudonthera patsaya osawapukuta. Munthu wanzeru akanatuluka n'kufunsa. Koma ife a kuno sitifunsa. Timati kufunsa n'kupempha, ndipo kupempha n'kwa anthu a ku Amsterdam. Safunsa anadya phula, ife timadziwa, koma phulalo timalidya ndi mpeni ndi foloko.

Chimene anachita n'kuzungulira. Anamupeza Okke akusenda mbatatesi padoko, chilango cha mlandu wina wa pakamwa pake.

"Okke, wamva za Snuiver?"

"Ndamva. Zinachedwa. Mwina makutu anga n'kupumako."

"Ndiye iweyo sizikukukhudza?"

"Zindikhudze chifukwa chiyani? Chinthu chongodya malo. Kuyambira ku Schiedam ndakhala ndikunena kuti chitayidwe m'madzi."

"Chikhalirecho limodzi, aise."

Okke anamuyang'ana modabwa. "Iwe mbuzi, wamwa chiyani? Ukufuna tichite mwambo wa maliro? Tenga mpeni undithandize apa."

Harmen sanatenge mpeni. Anachoka mtima ukuwawa kuposa mmene unawawira tsiku lothawa kwawo. Munthu amene ankagona naye bedi limodzi, amene ankadziwa fungo la mapazi ake kuposa mmene mkazi angadziwire, ankamutcha chinthu.

Mayi wogulitsa mowa pa bala ina, amene ankamvana naye pogwiritsa ntchito manja, anali atamuuzapo za dokotala wina wodula zakukhosi. Harmen anaganiza kuti mkonono ukatha, mlandu watha. Anapempha tchuthi cha kumapeto kwa sabata, osauza munthu kumene akupita chifukwa cha manyazi, nakafika kwa Dokotala Rennie, nkhalamba yonunkha fodya. Dokotala sankamva Chidatchi, Harmen sankamva Chingerezi. Atalephera kufotokoza, Harmen anatseka maso, kupendeketsa mutu, n'kuonetsa chitsanzo. Namwino anagwetsa mbale. Dokotala anavula magalasi, kumuyang'ana ngati wapeza nsomba yachilendo, n'kumutsegula pakamwa. Analoza kanyama kolendewera kukhosi kaja, kupanga chizindikiro cha sizasi ndi zala, kenako kukweza zala ziwiri. Masiku awiri basi.

Namwino atafunsa dzina, Harmen anayankha dzina limene analizolowera. Namwinoyo analemba mmene analimvera, n'kumuika m'gulu la Mapolishi, poyesa kuti dzina lotere n'la kwawo.

Masiku awiri a dokotala anasanduka sabata ndi kanthu. Bala linataya magazi, kenako thupi linatentha, khosi n'kutupa moti ngakhale dzina la amayi ake sakanalitchula. Ankaloza kunyanja, anamwino n'kumubweretsera madzi akumwa. Ankafuna kudzuka, iwo n'kumubisira buluku. Atamutulutsa anathamangira kudoko, atakonza kale m'mutu mawu okauza Mdala: bwana, ndakonzedwa, ndiyeseni.

Pamalo pa Azakhali panali madzi okhaokha ndi makoko a malalanje akuyandama.

Bambo Hoekema, msilikali wachikulire woyang'anira nyumba ya katundu, anamuona ali chiimire.

"Ndiwe Slikker kapena mzukwa wake? Unali kuti, galu iwe? Mdala wakusaka m'mabala onse a tauni ino. Kupolisi anapita, kuzipatala anafunsa, kulibe Slikker. Okke mpaka anakasuzumira mu mtsinje. Anachedwetsa sitima chifukwa cha iwe mpaka Angerezi kuyamba kulalata."

Harmen anayankha ndi mawu onong'ona, okanda kukhosi. "Ankandifuniranji? Si anati Snuiver atsike."

Hoekema anamuyang'ana, kenako analoza ndi nsapato kuseri kwa migolo. Pamenepo panagona paipi yaitali, yodulidwa ndi moto patsinde pake, mbalame zitaichitira kale chimbudzi.

"Si uyo watsika."

Zinamutengera nthawi Hoekema kumvetsa nkhani yonse, chifukwa wofotokozayo analibe mawu. Atamvetsa anakhala pansi pa mgolo, kuseka mpaka misozi, kuitana aliyense wodutsa kuti adzaone munthu amene anakadulitsa khosi m'malo mwa paipi. Pofika madzulo doko lonse linkadziwa, Adatchi, Anorowe, Mapolishi enieni omwe. Harmen nayenso anaseka, akugwira kukhosi chifukwa cha ululu. Anali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake. Sanamukane. Anamusaka. Chilango cha kusowa pantchito ankachidikira ngati mphatso, ndipo ankayeserera kale mmene adzamuyankhire Okke.

Tsiku lobwerera Azakhali linafika n'kudutsa. Anthu anati mwina mphepo. Kenako anati mwina wailesi yawonongeka. Harmen ankakhala pa paipi ija kuyambira m'mawa, maso kukamwa kwa mtsinje. Anthu analeka kumuseka, ndipo kuleka kumeneko n'kumene kunamuuza zoona akuluakulu asanalengeze. Mpaka lero palibe akudziwa pamene sitimayo inagona. Ena amati inagunda bomba lotcheredwa m'madzi. Munali amuna onse amene ankamudziwa, kupatula iye.

Za ntchito ya Dokotala Rennie tingonena mwachidule: khosi litapola, mkonono unabwerera ndi kamluzu kowonjezera kumapeto.

Nkhondo yotsalayo anaithera pamtunda, akukonza injini za sitima za ena. Anamupatsa malo m'sitima ina, iye anakana, nati ali nayo kale yake. Itatha nkhondo anabwerera kuno, kupeza amayi ake ali moyo ndiponso akudandaulabe za mtengo wa nsomba. Anakwatira Alida, mkazi wamtali wosoka maukonde, amene bomba linamugonthetsa khutu limodzi. Anthu anati ukwati umenewu unakonzedwa kumwamba, chifukwa Alida ankagonera khutu labwinolo. Anabereka ana aakazi awiri, Tineke ndi mng'ono wake, onse ogona mwaulemu.

Patapita zaka, achibale a omwalirawo anapanga komiti n'kuimika mwala wachikumbutso pafupi ndi doko. Tsiku lovundukula, Harmen anavala jekete yake yabwino, kuwerenga mayina kuyambira kwa Mdala mpaka kwa wophika wa njinga uja. La Okke linalipo. Anawerenganso. Kenako anamutsata wapampando wa komitiyo, bambo Duinker, mchimwene wake wa wachiwiri wa Mdala.

"Bambo Duinker, mwaiwala dzina."

"La ndani?"

"Langa. Slikker, wa ku injini."

Duinker anatsokomola. "Bambo Slikker, inu muli moyo."

"Limenelo ndi vuto laling'ono, lidzatha lokha. Inu mungosiya malo."

Anthu amene anamva anabisa nkhope m'zipewa. Chaka chotsatira anafunsanso. Chaka chinacho chimodzimodzi. Inasanduka mbali ya mwambo: nyimbo ya fuko, nkhata za maluwa, kukhala chete, kenako Slikker kukangana ndi komiti. Wapampando akamwalira, wolowa m'malo ankalandira kiyi wa kabati ndi Slikker yemwe. Amasiye ena ankanyansidwa, ankati munthu amene anapulumuka chifukwa cha uchitsiru azithokoza Mulungu mwakachetechete. Ankanena zoona, koma sankamumvetsa. Harmen sankafuna ulemu. Anali atasiyidwa padoko kamodzi, ndipo sankafuna kusiyidwanso kachiwiri.

"Bambo a Tineke," Alida ankatero akamabwerera kunyumba, "mukufuna mwala? Ndikugulirani wanu, waukulu kuposa umenewo."

"Wandekha?"

"Nanga mukufuna mugone ndi ndani? Anzanuwo apume, anavutika nanu mokwanira."

Harmen anamwalira mu 1978, masana, pampando wake, atadya supu wa nsawawa mbale ziwiri. Alida anali kukhitchini. Anadziwa kuti zachitika chifukwa m'nyumba munangoti zii, ndipo ngakhale khutu logontha lija linamva.

Maliro atatha anavala chipewa chake chakuda n'kupita kwa wapampando wa nthawi imeneyo, mdzukulu wa mmodzi wa omwalira, munthu waulemu kwambiri. Bamboyo anamupatsa Alida khofi ndi bisiketi imodzi.

"Vuto lija latha," anatero Alida. "Lembani."

Wapampandoyo anapepesa kwambiri. Lamulo la komiti linkati pamwala palembedwe okhawo amene anafera panyanja. Bambo Slikker anafera pampando. Akalola mmodzi, mawa kubwera wina.

"Wina wake uti? Anatsala yekha."

Lamulo ndi lamulo, mayi. Alida anamaliza khofi, chifukwa kuno sititaya khofi ngakhale titakwiya, n'kunyamuka.

Loweruka, tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo, anthu anaona mayi wokalamba atagwada patsinde pa mwala uja, atayala nyuzipepala kuti asade maondo. Anali ndi hamala ndi tchizulo za malemu mwamuna wake. Mwalawo unali wolimba, manja ake ofooka. Pamene wapolisi Bijlsma ankafika, bambo wonenepa wotsala pang'ono kupuma ntchito, n'kuti atangokwanitsa chilembo chimodzi chokhota, chooneka ngati nyongolotsi.

"Mayi Slikker, mukuchita chiyani?"

Alida anatembenuzira kwa iye khutu logontha, n'kupitiriza kugogoda. Bijlsma anazungulira mbali inayo.

"Ndati mukuchita chiyani, mayi? Uwu ndi mlandu."

"Ndikukweza mwamuna wanga m'sitima. Wachedwa kale mokwanira."

Bijlsma anayang'ana kumsika. Ogulitsa nsomba onse anali atapeza mwadzidzidzi chinthu chofunika kuyang'ana kumwamba. Anapumira m'mwamba, kuvula chipewa, kugwada movutikira pambali pa mayiyo, n'kumulanda hamala.

"Mukuwononga mwala wa anthu ndi manja onjenjemerawo. Gwirani tchizulo, ndizimenya ndine. Tikulemba Slikker?"

"Ayi," anatero Alida, akuika tchizulo pamwala. "Dzina limenelo anzake m'sitimamo sakamudziwa nalo."